Tsidya la Errol

Mlongo wanga Errol Puklowski ankamanga mipanda ya waya m'mafamu a kuno ku Murchison, ndipo ntchitoyo inamulowa mpaka m'magazi. Malire ankawalemekeza kuposa mmene ena amalemekezera tchalitchi. Akabwereka hamala, dzuwa silinkalowa isanabwerere kwa mwini wake. Tsiku lina anayenda makilomita makumi atatu pa pikapu kukabweza misomali isanu ndi umodzi imene inatsala pa ntchito ya mlimi wina, mpaka mlimiyo anamufunsa ngati kumutu kuli bwinobwino. Chuma analibe, sanakwatirepo, ndipo nkhope nayo, ndisaname, Mulungu sanataye nayo nthawi. Chimene anali nacho ndi dzina lokha: Errol sawoloka malire. Dzina limenelo ndi limene anamulanda, ndipo womulandayo ndinkagona naye bedi limodzi.

Ine ndine Glenys, mkulu wake ndi zaka zinayi. Ndimapanga masoseji a nyama ya gwape m'kashedi kuseri kwa nyumba yanga. Mwamuna wanga anali Neville Rountree, woyendetsa lole yonyamula ng'ombe ndi nkhosa. Iyeyo ndi Errol anakhala pa desiki imodzi kuyambira kalasi yoyamba, ndipo ndi Errol yemweyo amene anamubweretsa kwathu. Zaka makumi atatu ndi chimodzi za ukwati, mwana mmodzi, Shona, amene anakwatiwa ku Perth. Anthu ankati Neville anakwatira ine kuti apeze chifukwa chomachezera ndi Errol Lamulungu lililonse, ndipo sindinkatsutsa.

Kuno chaka chili ndi nyengo ziwiri basi: nyengo ya kubangula, ndi miyezi ina yonseyo yoidikira. Malichi akamatha, kuzizira kukangoyamba kuluma makutu, agwape amphongo amayamba kubangula m'mapirimu, kuitana zazikazi ndi kuopseza anzawo. Zikatero amuna a kuno nawo mitu imasokonekera. Munthu amene walephera chaka chonse kukonza mpope wodontha umamuona akupukuta mfuti ngati akusambitsa khanda. Ena amachokera ku Christchurch ndi mfuti zonunkhabe sitolo, tchuthi cha sabata imodzi, ndi mtima woti kubwerera chimanjamanja ndiye ayi. Amenewo ndi amene anawombera hatchi ya mayi Dunlea, hatchi yoti inafunda bulangete lobiriwira. Tinaseka mwezi wathunthu. Chaka chotsatira sitinaseke, chifukwa bambo wina wa ana atatu anatuluka m'nkhalango atanyamulidwa pamachira, nkhope yophimbidwa, womuwombera ali mnzake wogona naye tenti imodzi.

Vuto lake ndi ili. Mlenje amabangula monamizira kuti mphongo ipse mtima, ibwere kudzamenyana naye. Koma mlenje wina nayenso ali ndi makutu. Amamva, mtima n'kuyamba kugunda, n'kumabwera chonyang'ama. Ukamadziwa kubangula bwino ndiye kuti ukuitana zinthu ziwiri, nyama ndi chipolopolo.

Ndipo pa kubangula Errol analibe mnzake. Ankagwiritsa ntchito nyanga ya ng'ombe imene bambo athu anasiya, yachikasu ndi ukalamba, yong'aluka pang'ono kukamwa. Akaiika pamlomo, munthu wowonda ngati nsichi za mipanda yake yomwe, pankatuluka liwu loti agalu ankalowa pansi pa galimoto. Anali ndi chizolowezi chimodzi chimene anatengera kwa bambo: akamaliza kubangula, nyangayo sankaisiya pakhosi kuopa kuti ingagundane ndi mfuti n'kuchenjeza nyama. Ankaikoloweka pa nthambi ndi kangowe ka waya kamene anapinda yekha, iye n'kukhala pansi phee, kudikira.

Loweruka masana ankaphunzitsa ofuna chiphaso cha mfuti mu holo ya kalabu ya alenje, zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, osalandira kanthu. Phunziro lake linali limodzimodzi chaka ndi chaka, mpaka anthu ankamuyeserera ku bala.

"Ukamva kubangula, dziwa kuti ndi munthu. Ukaona chabulauni chikugwedezeka, dziwa kuti ndi munthu. Uone mutu, uone khosi, uwerenge miyendo ikwane inayi, pamenepo ndiye uyambe kukaika kuti mwina ndi gwape. Nyama ikathawa mawa iliko. Chipolopolo sichimva kuitana."

Kenako ankamenya tebulo ndi chala. "Mukasiyana ndi mnzako, pangananitu malire. Nkhanga zinapangana kusanapse. Mbali yako ndi yako, ya mnzako ndi ya mnzako. Osawoloka, osawombera kutsidya."

Chaka cha bambo wa ana atatu chija ndinagula ulusi wa nayiloni wowala ngati lalanje lakupsa, n'kuluka zipewa ziwiri, china cha Neville, china cha Errol. Kuluka si luso langa. Cha Errol chinatuluka chopotoka, chili ndi kamchira pamwamba, koma anachivala nyengo iliyonse osaphonya.

M'mawa umene ananyamuka ulendo wa ku kamtsinje ka Tully ndimaukumbukira bwino, chifukwa ndauzunguza m'mutu kosawerengeka. Ndinkawalongedzera masangweji, iwo akusekana pakhonde.

"Alamu, chaka chino muyesetse muphe kanthu," anatero Errol. "Achemwali angawa atopa kupanga masoseji a nyama yanga, inu n'kumakawagawa kuntchito ngati anu."

"Mukunama, alamu! Gwape wa chaka chatha uja anapha ndani?"

"Uja? Uja anafa ndi ukalamba. Inu munangofika pa maliro."

"Mwamva, mayi a Shona? Munthu ndimamudyetsa Lamulungu lililonse ameneyu."

"Zanu zimenezo," ndinatero. "Zipewa zili kuti?"

Onse awiri anazitulutsa m'matumba n'kuzivala pamaso panga ngati ana a sukulu. Neville anati chake chimamuyabwa. Errol anakoka kamchira kake kaja n'kunena kuti, "Ine ndikafa mudzandiike nacho, angelo asadzandiwombere." Ndinamuponyera nsanza yopukutira mbale. Kenako ndinamva Errol akubwereza pangano lawo akukwera pikapu: iye tsidya la kumanzere kwa Tully, Neville la kumanja, kukumana pa msasa dzuwa likafika pamutu.

Tsiku lachiwiri, cha m'ma leveni koloko, foni inalira ndili ndi manja a mafuta. Anali wapolisi. Anati helikopita yatenga Errol kupita naye kuchipatala ku Nelson, wawomberedwa. Ndinafunsa kuti ndi ndani, ndi anthu a ku tauni aja? Wapolisiyo anangoti, "Mayi, bwerani kaye."

Chipolopolo chinalowa m'chiuno n'kuphwanya fupa, ndipo pogwa anamenyetsa mutu pa thanthwe. Anamuchita maopaleshoni anayi. Neville ndinamupeza m'khonde la chipatala, malaya ali magazi okhaokha. Anandigwira mikono yonse iwiri.

"Anawoloka, mayi a Shona. Anabwera mbali yanga, chipewa alibe. Ndinamva kubangula pafupi penipeni, ndikuona chabulauni m'ziyangoyango. Ndikanadziwa bwanji? Munthu woti sawoloka, ndikanadziwa bwanji?"

Ndinamukhulupirira. Ndikanalekeranji? Anali atamubereka kumsana kumutulutsa m'tchire mpaka pa kadambo kotera helikopita, atamanga balalo ndi lamba wake. Adokotala anati lamba ameneyo ndi amene anapulumutsa moyo. Masana omwewo kunagwa chimvula chimene chinatenga masiku atatu, ndiye apolisi atapita kukaona malo amene Neville anawalozera, mbali yake ya kumanja, panalibe dontho la magazi loti n'kutsutsa kapena kuvomereza. Mfuti ya Errol anaipeza mbali yomweyo. Chipewa sichinapezeke, nyanga ija nayo sinapezeke.

Errol atatsitsimuka sankakumbukira kalikonse. Chomaliza m'mutu mwake chinali chiwaya cha mazira pa msasa m'mawa uja. Neville atamufotokozera, Errol anayang'ana kudenga.

"Ine? Kuwoloka?"

"Munawoloka, alamu. Mwina munaona mphongo yaikulu, mtima unathamanga. Zimachitika."

"Ndi chipewa ndinavula?"

"Munalibe."

Apa ndiyenera kuulula zanga. Ine, mchemwali wake, ndinaima pambali pa bedi limenelo n'kumukalipira munthu ali ndi mapaipi m'mphuno. Ndinati waonetsa chibwana pa ukulu wako, wafuna kundisandutsa mkazi wa chigawenga, chipewa ndinakulukira kuti uzikongoletsa thumba? Iye anangoti, "Pepani, achemwali." Mawu awiri amenewo amandidzutsabe mpaka lero.

Mlandu unapita kukhoti, monga zimakhalira. Errol analembera woweruza kalata ya masamba awiri, ndi dzanja lake lomwe, kunena kuti wolakwa ndi iye, amene anaphwanya lamulo limene ankaphunzitsa ena. Woweruza anaiwerenga mokweza. Kenako anangomulanda Neville chiphaso cha mfuti kwa zaka ziwiri n'kumupatsa maola otchetcha udzu pa bwalo la mpira. Ndinatuluka m'khotimo ndikuthokoza Mulungu.

Koma Errol sizinamukwanire. Atangotha kuyenda ndi ndodo ziwiri, anapempha kuti alankhule pa msonkhano wa kalabu. Holo inadzaza. Ine ndinawotcha masoseji makumi asanu ndi limodzi a tsiku limenelo, tangoganizani. Anaimirira movutikira, n'kuika kiyi wa holo patebulo.

"Ndaphunzitsa ana anu zinthu zimene ine mwini ndalephera kusunga," anatero. "Munthu wotero sayenera kuimanso kutsogolo kuno. Ndipo inu alamu, ndinakuikani pa moto. Mukanakhala kundende lero chifukwa cha ine, komabe munandibereka kumsana. Ndikhululukireni."

Neville ananyamuka, n'kupita kutsogolo, n'kumugwira chanza ndi manja awiri. "Zatha, alamu. Tsoka silinunkha." Anthu anaomba m'manja. Ena analira. Ine ndinalira kuposa onse, ndikunyadira amuna anga awiri.

Kuyambira pamenepo Errol anayamba kufota. Mapiri sakanakweranso ndi mpukutu wa waya paphewa, choncho anakhala wonola macheni a makina odulira mitengo m'galaja mwake. Zimenezo akanapirira. Chimene chinkamudya ndi china. Ku bala kunabadwa nthabwala: akangolowa, wina ankakuwa kuti, "Errol! Lero wawoloka kangati?" Iye ankaseka nawo, kuseka kwa mano okha. Anasiya kudzudzula aliyense pa chilichonse. Tsiku lina tinaona mlendo akutsika galimoto mfuti italoza mnzake, ndinamugunda Errol ndi chigongono kuti alankhule. Anati, "Ine ndinganene chiyani, achemwali?" Chiphaso cha Neville chitabwerera, Errol anabwera ndi mfuti ya bambo athu itakulungidwa m'bulangete n'kumupatsa, ati mphatso ya munthu amene anamupulumutsa. Neville analandira. Anaipachika pabalaza pathu.

Chimodzi chokha Errol sanaleke kuchifunsa: nyanga ya bambo. Ankati iyenera kuti inagwera penapake pamene anawomberedwa, ndipo nyanga siwola msanga.

"Alamu, tsiku lina mudzandiperekeze. Mukangondilozera malowo, ndikafufuza ndekha."

"Ndi mwendo umenewo? Mukufuna ndikuberekeninso? Msana wanga sunachire mpaka pano."

Mwezi wina ati msana, mwezi wina ati ntchito yachuluka, mwezi wina ati malowo amamulotetsa zoopsa. Ine ndinkamuikira kumbuyo. Ndinkauza Errol kuti asiye kutosa bala la mnzake.

Epulo wachitatu chichitikireni ngoziyo, Neville anapita ndi ng'ombe ku Blenheim. M'mawa umenewo Errol anafika pakhomo atavala nsapato za m'tchire, chikwama kumsana, ndodo m'manja.

"Ndikupita ku Tully. Mukafuna tiyeni, mukapanda kufuna mudzauze apolisi kumene ndili."

"Iwe Errol, wapenga?"

"Pang'ono. Tengani fulasiki ya tiyi."

Ndinatukwana, koma ndinavala jekete. Njira imene alenje amayenda ola limodzi ife tinayenda maola atatu, iye akukoka mwendo, ine ndikumunyoza njira yonse kuti asaone kuti ndikumumvera chisoni. Kadambo ka helikopita tinakapeza mosavuta. Malo amene Neville analozera apolisi nawo tinawadziwa, chifukwa pa mtengo panatsala kachidutswa ka tepi yawo. Tinafufuza pamenepo mpaka mawondo anga ananyowa. Tinatembenuza masamba, tinapisa manja m'mizu. Kunalibe kanthu.

Tinakhala pa chipika m'mbali mwa madzi n'kutsegula tiyi. Kumtunda kwa phiri mphongo ina inabangula, ndipo ndinaona khosi la Errol likugwedezeka lokha. Ankayang'ana kutsidya, mbali imene inali yake.

"Mukuona mtengo wopindika uwo?" anatero. "Ndikanakhala ine wakale, ndikanakhala pamenepo. Mphepo imatsika ndi madzi, fungo lako silikwera. Ndipo pamenepo umaona phiri lonse. Sindimvetsa chimene ndinasiyira malo ngati amenewo."

"Iwe wakale ndi iwe watsopano, alipo angati a Errol?"

"Imwani tiyi, achemwali."

Sindikudziwa chimene chinandigwira. Mwina ndi liuma chabe, paja ndinabadwa nalo. Ndinaika kapu pansi n'kulowa m'madzi ndi nsapato zomwe. Ankafika m'mawondo, ozizira ngati akudula mafupa. Errol ankakuwa kuti nditerereka, iye sangathe kudzandivuula. Ndinakwera kamtunda, mapazi makumi atatu okha kuchokera pa madzi, n'kufika pa mtengo wopindikawo.

Nyanga inali pomwepo. Inkalendewera pa nthambi, yobiriwira ndi ndere, pa kangowe kake ka waya, kopotedwa katatu kumapeto monga Errol amapotera waya aliyense. Ndinaikweza m'mwamba. Kutsidyako Errol anaimirira osagwira ndodo.

"Mwina ndinaikoloweka n'kuiiwala," anakuwa. "Mwina ndinawoloka pambuyo pake."

"Ndiye kutsidyako unabangula ndi chiyani? Ndi mphuno?"

Ngakhale pamenepo ankafunabe njira yomupulumutsira mlamu wake.

Pobwerera m'pamene ndinaona mwala. Pansi pa mitengo imeneyo miyala yake ndi yakuda, yosongoka, yokutidwa ndi ndere. Uwu unali woyererako, wosalala, wobulungira, mwala wa mumtsinje, waukulu ngati buledi. Unali utakhazikika bwinobwino pakati pa mizu iwiri, pamalo pamene madzi sanafikepo chilengedwere dziko. Ndinautembenuza ndi phazi.

Nayiloni saola. Chipewa chinali pansi pake, chowalabe, chopindidwa kanayi mwaudongo, kamchira kaja kali mkati. Mbali imodzi chinali chouma gwa, chakuda, pamene mutu unamenya thanthwe. Zaka makumi atatu ndakhala ndikuchotsa mipango m'matumba a Neville pochapa. Ndimadziwa mmene amapindira nsalu.

Ndinakhala pansi m'matope. Zonse zinabwera zokha, chimodzichimodzi. Neville anamva kubangula kutsidya, n'kuwombera kutsidya, munthu atavala lalanje kumutu. Anamuwolotsa kupita naye ku kadambo, zimenezo n'zoona, analibe kwina kopita naye. Koma kenako, akudikira helikopita, anamusiya mlongo wanga yekha akukha magazi pa udzu. Anatola mwala mumtsinje, anakwera nawo kamtunda, anapinda chipewa, anachibisa, anatenga mfuti n'kubwerera. Nyanga yokha sanaione, chifukwa munthu wobisa zinthu amayang'ana pansi.

Ndinawoloka ndi nyanga ndi chipewa. Errol anachitambasula pa bondo, n'kuchisisita ndi chala pamene panali magazi. Sanalire, sanatukwane. Anafunsa kuti chinali pati, ndipo ndinamuuza.

"Kanditengereni mwalawo."

"Wa chiyani?"

"Si wa pamenepo. Kanditengereni."

Ndinalowanso m'madzi ozizira aja. Anauika m'chikwama chake, ndipo anakana kuti ndimulandire. Anaunyamula yekha maola anayi, pa chiuno cha zitsulo.

Tinafika kunyumba dzuwa likupendeka. Lole inali pabwalo, Neville ali kukhitchini, akudya payi wozizira chiimirire.

"Kodi munali kuti anthu inu? Taonani matope! Alamu, mwayambanso masewera a..."

Errol anatsegula chikwama n'kuika mwala uja patebulo, pakati pa shuga ndi botolo la sosi. Pambali pake ine ndinaika chipewa.

"Ndakubweretserani mwala wanu, alamu," anatero Errol. "Munauiwala mbali yanga."

Fisi akagwa m'mbuna salankhula. Neville anayang'ana mwala, anayang'ana chipewa, payi ali m'manja. Nkhope inayera ngati pepala. Atapeza mawu, anatembenukira kwa ine, osati kwa Errol.

"Mayi a Shona, mvetserani. Ndinkaopa ndende. Ndinkaganiza za inu, za mwana. Mutu sunkagwira, sindinkadziwa chimene ndikuchita."

"Simunkadziwa? Munapinda kanayi!" Ndinakuwa mpaka galu anathawa pakhonde. "Munasankha mwala, munakwera nawo phiri, mlongo wanga akufa pa udzu. Ndiye zaka zonsezi mutu sunagwirebe? Munandisiya ine ndimukalipire ali pa bedi la chipatala, inu mutaima pomwepo!"

"Ndinamupulumutsa! Lamba uja anali wa ndani? Anamubereka ndani?"

"Munandibereka, zikomo," anatero Errol, motsitsa, moti tonse tinakhala chete kuti timve. "Chipolopolo ndinakhululuka ndisanatuluke m'chipatala. Mukanandiuza zoona, kalata ija ndikanalembabe, mwina masamba atatu. Ndikanauza woweruza kuti ndimabangula bwino kwambiri, munthu akhoza kusokonezeka. Simukanapita kundende, alamu, ine ndili moyo."

Anapuma kaye, atatsamira tebulo.

"Koma ndinaima mu holo muja pa ndodo ziwiri, n'kukupepesani pamaso pa anthu onse. Inu munanyamuka, munayenda mpaka kutsogolo, n'kulandira. Ndi manja awiri."

Errol anapita pabalaza, anatsitsa mfuti ya bambo pakhoma, n'kutuluka nayo. Ndi chinthu chokhacho chimene ndinamuonapo akulanda munthu chibadwire.

Sabata yomweyo Neville analongedza n'kupita kwa mng'ono wake ku Invercargill. Sindinamuthamangitse ndi mawu. Ndinangosiya mwala uja patebulo, chakudya chilichonse ndikumuikira mbale pambali pake, ndipo anapirira masiku anayi. Kupolisi Errol anakana kupita, ati Shona asadzamve kuti bambo ake anamangitsidwa ndi amalume ake. Ine ndinatenga chipewa n'kupita nacho ku msonkhano wa kalabu, n'kufotokoza zonse, mu holo yomwe ija. Ndinkayembekeza kuti denga ligwa. Anthu anangoyang'ana nsapato zawo. Wapampando anakanda kumutu n'kunena kuti, "Mayi Rountree, madzi akatayika sawoleka. Zinthuzi n'zakale, ndipo mwini wake sali pano kuti adziyankhire." Anthu omwe anaomba m'manja tsiku lija analibe manja tsopano. Nkhani ya munthu wobereka mlamu wake kumsana inkawakomera, ndipo ine ndinabwera kudzawalanda.

Kiyi wa holo a kalabu anamutumizira Errol pa positi, popanda kakalata. Sanamubweze, komanso sanakatsegule naye chitseko. Ali pa msomali m'galaja, pafupi ndi nyanga ya bambo, imene anaitsuka bwinobwino koma sanaiikenso pamlomo.

Loweruka lapitali ndinamukakamiza kuti tikadye nsomba ndi tchipisi ku bala, atuluke m'galaja muja. Titangolowa, munthu wina wa pakona, mmodzi mwa amene Errol anawaphunzitsa kugwira mfuti, anakweza botolo. Anali mu holo tsiku limene ndinaonetsa chipewa, ndinamuona ndi maso angawa. Koma pakamwa pakazolowera sipafunsa mutu.

"Errol! Lero wawoloka kangati?"

Ndinali nditatsegula kale pakamwa kuti ndimusambitse chokweza, koma Errol anandigwira mkono. Anaima bwinobwino, ndodo patsogolo, n'kumuyang'ana munthuyo mpaka botolo linatsika lokha.

"Kamodzi," anatero. "Ndipo anachita kundinyamula."